Jairus Mwanza Ajambula Nyimbo ya a Zulu

Ku Chamboli, m'tauni ya Kitwe, mukafunsa za Jairus Mwanza, ena adzakuuzani kuti ndi uja amakonza mafiriji ndi masitovu, ena adzati ndi uja wa makaseti. Onsewo akunena zoona. Koma mkazi wake Jenala amati iye anakwatiwa ndi makutu awiri, thupi linangotsatira pambuyo. Mwamuna wakeyo amatha kukudulani pakati pa nkhani, chala chili m'mwamba, chifukwa wamva firiji ya kwa aneba ikulira mosiyana ndi dzulo.

Anabadwira mu Chamboli momwemo mu 1966, m'kanyumba ka mgodi ka zipinda ziwiri. Atate ake anachoka ku Katete kudzagwira ntchito pansi. Pakhomo pawo Chinyanja chinali cha m'nyumba ndi ku tchalitchi, koma akangotuluka pa geti lilime linkatembenukira ku Chibemba lokha. Kwaya ya mpingo wa Reformed anailowa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo manotsi a do, re, mi anawazolowera asanazolowere Chingerezi.

Chimene chinamusintha chinachitika mu 1988, akuphunzira ntchito ya magetsi ku mgodi. Anamutuma ku Nkana West kukakonza mawaya m'nyumba ya injiniya wina wachizungu, wokalamba, amene anali kulongedza katundu kuti abwerere kwawo. Jairus ali pamwamba pa makwerero m'khonde, anamva kulira kuchokera pabalaza. Sinali gitala, silinali limba la ku tchalitchi. Kunali ngati anthu anayi akukambirana popanda mawu: wina ayamba chapansipansi, wina amuyankha, wachitatu awatsutsa onse awiri, kenako wamawu aakulu awakhazika pansi. Anaiwala waya amene anali m'manja. Mwini nyumba atatuluka anamupeza ali njo pa makwerero, maso ali tong'o, ndipo anathamangira kukazimitsa magetsi poganiza kuti mnyamatayo wagwidwa.

Atamva chifukwa chake anaseka mpaka kutsokomola. Anamulowetsa pabalaza, namufotokozera kuti zolirazo ndi mavayolini atatu ndi wamkulu wawo woimika pansi, amene amamutcha chelo. Pa tsiku lonyamuka, patapita masabata awiri, mkuluyo anamusiyira makina ojambulira mawu, mamaikolofoni awiri ndi katoni yodzaza makaseti a nyimbo zoterozo. Jairus anazimanga pa njinga n'kuikankha wapansi kuchokera ku Nkana West mpaka ku Chamboli, poopa mabampu.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la makwaya. Anajambula ku Wusakile, ku Chimwemwe, ku Chifubu, mpaka ku Chingola. Sankakonda kupatsa aliyense maikolofoni yake ngati mmene ankachitira a m'masitudiyo. Iye ankaimika awiri okha kutsogolo, n'kumasuntha anthu mpaka mawu atakhala bwino m'makutu mwake, monga anamvera pa makaseti a m'katoni muja. Migodi itagulitsidwa n'kumuchotsa ntchito pamodzi ndi anzake ambiri, makaseti ndi mafiriji ndi zimene zinaphunzitsa ana ake atatu, Tionge ndi ang'ono ake awiri. Makaseti atatha fasho anasamukira ku masidi osadandaula.

Chimene sanachione chikubwera ndi tsiku lina la mu 2017, pa msonkhano wa makwaya ku Ndola. Anayala tebulo lake pakhomo pa holo monga mwa nthawi zonse. Anthu ankabwera, atola sidi, aona chithunzi cha kwaya yawo, aseka, aibweza. Mayi wina wa Chigwirizano, gulu la amayi a mpingo, anamufunsa mwaulemu ngati angamuikire nyimbozo pa foni, poti choimbira masidi kwawo chinafa kale. Mkulu wa mpingo wina anamukokera ku galimoto yake yatsopano kukamuonetsa kuti ilibe ngakhale kamwa yolowetsamo sidi. Jairus anabwerera ku Kitwe ndi makatoni ake onse. Pofika mvula ya chaka chimenecho Jenala anali atapachika masidi ena pa ulusi kuseri kwa nyumba kuti aziingitsa mbalame pa dimba la repu. Jairus anakulunga mamaikolofoni m'chitenje n'kuwaika pamwamba pa kabati, ndipo anakhala pamenepo zaka zisanu.

Amene anawatsitsa ndi a Israel Zulu.

A Zulu anali mphunzitsi wa kwaya pamene Jairus anali mwana. Ku mgodi ankayang'anira mapampu a madzi. Mu 1979 mwala unagwa n'kuwatsekera pansi pamodzi ndi anzawo asanu kwa masiku awiri, ndipo anapulumuka chifukwa ankagogoda paipi ndi sipanala mpaka a pamwamba anamva. Atachira anayamba kulemba nyimbo. Manotsi a mizere anali atawaphunzira ku sukulu ya mishoni kwawo ku Chipata, ndipo kwa zaka zambiri ankakoperako mapepala a gulu la oimba la ku kalabu ya mgodi, motero ankadziwa chimene vayolini angathe ndi chimene sangathe. Nyimboyo inawatengera zaka zisanu ndi chimodzi. Anaitcha Pansi pa Nthaka. Inali ya kwaya ndi zoimbira zinayi za nsambo, zigawo zisanu ndi ziwiri, yotalika kupitirira mphindi makumi anayi. Kwaya ya ku Chamboli inkaimbako zigawo ziwiri pa Pasaka, popanda mavayolini. Yonse yathunthu panalibe anaimvapo, ngakhale a Zulu eni ake.

Anali atamupempha Jairus kangapo kuti aijambule, ndipo kangapo konseko Jairus ankazemba. Opanga makaseti ku Lusaka sankalola kupanga ochepa, ogula ankafuna makolasi ovinika, ndipo mavayolini akanawatenga kuti?

Mu Malichi 2023 a Zulu anafika pakhomo pa Jairus masana, akupapasa njira ndi ndodo chifukwa ng'ala inali itawatseka maso onse. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu. M'khwapa anapanira thumba la ufa lopanda ufa, lodzaza mapepala.

"Sindinabwere kudzakupempha, Jairus," anatero atakhala pansi. "Ndabwera kudzasiya. Kwanga kuli chiswe ndi zidzukulu, ndipo zonsezo zimadya mapepala."

Jairus anayamba kufotokoza zimene ankafotokoza kale, kuti masiku ano ndiye zavutiratu, palibe agula. Jenala anali pa makina ake osokera pakona. Iye amasoka mayunifomu a amayi a mpingo, ndipo makasitomala ake ambiri sanawaonepo maso ndi maso: amamutumizira miyeso pa foni kuchokera ku Solwezi, ku Livingstone, ena ku Joni. Anaimitsa phazi.

"Atate ake Tionge, kale munkakana chifukwa anthu sangagule. Manje sagula chilichonse, ngakhale makolasi anu aja. Nanga chikukuletsani n'chiyani?"

A Zulu anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Sabata imeneyo mafiriji awiri anadikira. Jairus anabwereka foni ya mkazi wake, amene anamuonetsa pofufuzira, ndipo anamira. Nyimbo zonse za m'katoni ya injiniya uja anazipeza, iliyonse yoimbidwa ndi magulu khumi osiyana. Anapeza makwaya a ku Ghana, a ku Kenya, a ku Soweto, akuimba nyimbo zazitali zolembedwa ndi anthu akwawo. Panalibe wowafunsa kuti mupanga makope angati, kapena kuti nyimbo ikwana mbali imodzi ya kaseti. Ankaitana Jenala mphindi zilizonse kuti adzamve, mpaka mayiyo anamuuza kuti agule foni yakeyake, makasitomala akumusowa. Anagula.

Mavayolini anapezeka kudzera mwa Jenala yemweyo. Pa gulu lina la pa foni munthu anatumiza kanema wa ukwati wa ku Ndola, ndipo kumbuyo kwa akwati kunali anthu anayi akuliza nsambo. Atafunsafunsa anapeza dzina la Catherine Chanda, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni, amene amakhala cha ku njira ya ku Bwana Mkubwa. Iye ndiye ankaliza chelo. Loweruka lililonse ankakumana ndi anzake atatu m'galaja mwake: a Aleck, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi amayi awiri, wina namwino, wina mkazi wa abusa a mpingo wina.

Jairus anakwera minibasi ndi thumba la ufa lija pamiyendo. Catherine anamulandira pa geti ndi nkhope ya munthu amene akuganiza kuti abwera kudzamupempha kuimba pa ukwati wina. Anatenga mapepalawo mwaulemu chabe. Anawerenga tsamba loyamba ataima, lachiwiri akung'ung'udza, ndipo pofika lachinayi anali atakhala pa njerwa za m'mbali mwa geti.

"Nani walembele ici?" anafunsa m'Chibemba, kufuna kudziwa amene analemba.

Jairus anamuuza kuti ndi mdala wina wa mapampu wa ku Chamboli. Catherine anafunsanso ngati mdalayo ali moyo, ndipo atamva kuti ali moyo analowa m'nyumba kukatenga makiyi a galimoto. Tsiku lomwelo anakakhala pamkeka kwa a Zulu mpaka dzuwa kupendeka, akufunsa za noti iliyonse imene chiswe chinadya.

Anakonzekera miyezi itatu. Kwaya inasankha anthu makumi atatu ndi anayi, ambiri a iwo ogulitsa pamsika, omanga nyumba, alonda ndi amayi apakhomo. Ankakumana Lachitatu ndi Lachisanu akaweruka. Oliza nsambo ankabwera ku Kitwe Loweruka. Tsiku loyamba limene magulu awiriwo anakumana, masopulano analephera kulowa pamalo pawo katatu konse chifukwa ankangoyang'ana manja a Catherine. Abusa, amene anabwera kudzangosuzumira, anaiwala kuti ali ndi msonkhano wa akulu a mpingo.

Vuto linali malo. Denga la tchalitchi chawo ndi la malata, ndipo dzuwa likatentha limalira thethethe ngati chimanga chokazinga. Maminibasi amaima pafupi pomwepo, makondakitala akukuwa. Jairus anayendera nyumba zisanu ndi zinayi mu Kitwe ndi Ndola. Akalowa ankaima pakati, kuwomba m'manja kamodzi, kumvetsera, n'kutuluka. Alonda ena ankamuyesa wamisala. Mapeto ake a Aleck anakumbukira nyumba yakale ya njerwa cha ku Bwana Mkubwa, imene mlamu wawo ankasungiramo matumba a chimanga ndipo inali yopanda kanthu mpaka ogula chimanga atayamba. Inali yayitali, makoma ochindikala, denga la matailosi. Jairus anawomba m'manja. Mawu anapita, nabwerera, n'kuzimirira pang'onopang'ono osachita phokoso. Anawombanso kachiwiri chifukwa chongokondwa. Nkhunda zimene zinali m'denga anaziingitsa ndi nsungwi kwa masiku atatu, n'kutseka mabowo ndi masaka.

Anasankha Lolemba la tchuthi, koyambirira kwa Julaye, pamene malole amachepa pamsewu waukulu. Maminibasi awiri ananyamuka ku Chamboli sikisi awazi mmawa, anthu atadzikulunga m'majuzi ndi zitenje, akuimba njira yonse mpaka Jairus anawapempha kuti asungeko mawu. Pakhomo panali beseni, ndipo aliyense anaikamo foni yake. Amene anavala majekete a nayiloni olira khwakhwa anawavula. Nsapato zonse zinatsala panja. Mamaikolofoni awiri akale aja anawamangirira pa nsungwi yayitali kutsogolo, waya n'kupita ku laputopu pa tebulo la pakona. Anasuntha matenala kawiri, anabweza Catherine mmbuyo phazi limodzi, kenako anavala mahedifoni n'kukweza dzanja.

A Zulu anakhala pa mpando kutsogolo kwa onse. Mapepala sankawaona, ndipo sankawafuna. Anakweza manja awo owonda, ndipo chelo inayamba. Chigawo choyamba chinali cha amuna akutsika m'chikepe cha mgodi mmawa, mawu akutsika nawo sitepe ndi sitepe. Chachiwiri chinali cha amayi pa mpopi. Zinayi zoyambirira zinayenda ngati madzi, kupatula pamene mwana wa nkhunda wobisala anayamba kulira ndipo a Aleck anakwera makwerero kukamutsitsa.

Chachisanu ndiye chinali mtima wa nyimbo yonse. Mwala wagwa. Kwaya yonse ili chete, mabesi okha akung'ung'udza noti imodzi chapansi kwambiri, milomo yotseka. Kenako Catherine amasiya uta n'kugogoda thupi la chelo ndi chala: go, go, go. Zii. Go, go, go. Zii wina wotalika. Ndiye patali, mwakachetechete ngati munthu akuganiza chabe, vayolini wa a Aleck amayankha.

Ulendo woyamba sanafike kumapeto. Bambo wina wa besi, a Shadreck, amene anagwira ntchito pansi zaka makumi awiri, anagwira pakamwa n'kutuluka panja. Anawadikira. Atabwerera anapepesa, ndipo a Zulu anawauza kuti palibe chopepesa, iwonso polemba chigawo chimenecho ankatuluka panja kawirikawiri. Ulendo wachiwiri lole inadutsa pamsewu. Ulendo wachitatu zonse zinakhala. M'mahedifoni Jairus ankamva ngakhale mpweya wa anthu makumi atatu ndi anayi akuugwira limodzi.

Chigawo chomaliza ndi cha kutuluka, onse akuimba ndi mphamvu zawo zonse kuti, "Ndaona dzuwa, ndaona dzuwa, ndipo silinandiiwale." Noti yomaliza itatha, Jairus anasiya dzanja m'mwamba kuti anthu asagwedezeke mpaka mawu atatheratu m'makoma. Anawerenga mumtima mpaka eyiti. Atatsitsa dzanja, nthungululu zinang'amba nyumbayo. Amayi anavina opanda nsapato pa simenti yozizira, namwino uja anakumbatira mayi wogulitsa tomato amene sankamudziwa n'komwe dzina, ndipo a Zulu anangokhala pa mpando wawo, manja pa mawondo, akugwedeza mutu.

"Ndiye imamveka chonchi," anatero a Zulu, Jairus atafika pafupi nawo. "Ndinkaopa kuti mwina ndinanama."

Mkangano unabuka patapita sabata. Jairus atamaliza kulumikiza zigawo, anatumiza nyimboyo pa foni ya Jenala kuti ayese. Mayiyo anaiyatsa akutsuka mbale. Pofika chigawo chachisanu anagwedeza foni, anaikweza mpaka pamapeto, kenako anaitana mwamuna wake kumuuza kuti nyimbo yaduka. Sinaduke. Kasipika ka foni sikankatha kutulutsa kung'ung'udza kwa mabesi, ndipo kugogoda kuja kunkamveka ngati mbewa m'kabati.

Catherine anati akweze malo achete onse kuti afanane ndi aphokoso, poti ndi mmene aliyense amachitira masiku ano, ndipo anthu amamvera nyimbo m'minibasi ndi kukhitchini, osati pabalaza pa injiniya. Jenala anagwirizana naye. Jairus anakana kwamtuwagalu. Anati akakweza pamenepo ndiye kuti kutuluka kwa kumapeto sikudzadabwitsa munthu, zonse zidzakhala fulati ngati msewu wa ku Kapiri. Anakangana masiku atatu. Ngakhale ankakana, Jairus anapanga kope yachiwiri yokweza, n'kupita nazo zonse ziwiri kwa mwini nyimbo.

A Zulu anamvera yoyamba ndi mahedifoni, yachiwiri pa foni.

"Kunsi kuja kunalibe wotikwezera," anatero. "A pamwamba anachita kuika khutu pa paipi. Isiye mmene inalili. Koma uwalembere anthu kuti aike zam'makutu, asamayese kuti foni yawo yafa."

Kuiika pa intaneti nako kunali ndi zake. Pa fomu yotumizira panali bokosi limodzi lolembamo woimba. Jairus anakhala akuliyang'ana. Woimba ndani? Wolemba nyimbo, kwaya, oliza nsambo, kapena wotsogolera? Komanso makinawo ankatenga zigawo zisanu ndi ziwiri zija ngati nyimbo zosiyana zoti angathe kuzisakaniza mmene afunira, kutulutsa anthu mu mgodi asanatsikemo. Analemba makalata kwa anthu amene sanawaonepo, m'Chingerezi chake cha ku mgodi, mpaka anamuonetsa pobisika polembapo wolemba nyimbo ndi motsatanitsira zigawo. Kumalo ena anaiika yonse yathunthu ngati kanema mmodzi, chithunzi chake chili cha nsapato zambirimbiri pakhomo pa nyumba ya njerwa ija. Pansi pake analemba mayina onse makumi atatu ndi asanu ndi anayi, osasiyapo ngakhale limodzi.

Sabata yoyamba omvera anali kwaya yomweyo ndi abale awo. Yachiwiri chimodzimodzi. Jairus ankayang'ana foni ali chigonere kuseri kwa firiji ya kasitomala, ndipo mtima unayamba kutsika. Ndiye Lachinayi lina munthu wa ku Chingola analemba pansi pa kanemayo kuti atate ake anali mmodzi wa amene anali pamwamba akumvetsera paipi tsiku lija, ndipo nkhaniyo anakula nayo. Anaitumiza ku gulu la ana a anthu a ku migodi amene anabalalikira m'mayiko ena. Pofika Lamulungu mauthenga ankabwera kuchokera ku Botswana, ku Australia, ku Lilongwe. Namwino wina ku Ulaya analemba kuti anaimvera ali m'basi popita ku ntchito ndipo anapitirira siteji yake. Mphunzitsi wa nyimbo pa koleji ina ku Kenya anafunsa komwe angapeze mapepala ake.

Limenelo ndilo linali funso la ambiri: manotsi ali kuti? Jenala anayala mapepala a a Zulu pa tebulo lake lodulira nsalu n'kuwajambula limodzilimodzi pafupi ndi zenera. Catherine anawalembanso bwino pa kompyuta, ndipo Jairus anatembenuza mbali za kwaya kuti zikhale mu do, re, mi. A Zulu analamula kuti aliyense wofuna apatsidwe.

Jairus sanama za nkhaniyi. Amauza aliyense kuti intaneti siinamugulire ngakhale tayala la njinga, ndipo mafiriji akadali ntchito yake. Koma foni yake inayamba kulira ndi nkhani zina. Mayi wamasiye ku Mufulira anati malemu amuna ake anasiya sutikesi ya nyimbo zolemba okha. Gulu la malipenga ku Luanshya linafuna kujambulidwa mmene anajambulira a Zulu, ndi mamaikolofoni awiri okha. Sisitere wina ku Ndola anali ndi misa yathunthu ya m'Chibemba imene inaimbidwa kamodzi kokha mu 1984. Jairus anagula kope la sukulu n'kuyamba kulembamo mayina ndi malo. Amati zaka zonse zija ankaganiza kuti nyimbo zotere zimachokera kutsidya kwa nyanja, osadziwa kuti zili pansi pa mabedi mu Copperbelt monse.

Mu Okutobala kunabwera uthenga wochokera ku Petauke. Kwaya ya mpingo wakumudzi, yotsogoleredwa ndi mphunzitsi wina dzina lake Febby Daka, inali itaphunzira zigawo zitatu kuchokera pa mapepala aja. Mavayolini analibe, motero mbali zawo anazipatsa atsikana anayi kuti aziziimba ndi pakamwa. Anadzijambula pa foni n'kutumiza.

Jairus anathamanga nazo kwa a Zulu. Mdalayo anamvetsera nkhope ikuwala, mpaka chigawo chachiwiri, cha amayi pa mpopi. Pamenepo anagunda ndodo pansi.

"Akuthamangira kuti? Ndani akuwapirikitsa?"

Anamvera kachiwiri, anakwiya kachiwiri, ndipo anapempha kuti aibwerezenso. Kenako analengeza kuti apita ku Petauke kukawakonza. Ana awo anakana, ponena kuti ulendo ndi wautali ndipo kukutentha. A Zulu anayankha kuti munthu amene anakhala masiku awiri pansi pa mwala sangaope mpando wa basi. Mapeto ake anagwirizana kuti Jairus ndi Jenala apite nawo.

Anagona ku Lusaka kwa Tionge, mwana woyamba wa Jairus, ndipo anafika ku Petauke tsiku lotsatira masana. Kwaya inawachingamira pamsewu ndi nyimbo. M'tchalitchi a Zulu anawaimitsa pa mzere wachitatu n'kuwauza kuti achepetse liwiro ndi theka. Febby Daka, mayi wamfupi wa zaka ngati makumi anayi, anagwada pafupi nawo mwaulemu wonse, koma sanagonje.

"Agogo, mutikhululukire. Amayi anu a ku Chamboli amadikira pa mpopi, madzi amabwera okha. Ife kuno timachita kupopa pa mjigo. Tikaimba pang'onopang'ono, ndowa sidzaza."

Jairus anayang'ana pansi, kuopa zimene zitsatire. A Zulu anapempha kuti aimbe mmene amaimbira, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, iwo osawadula. Anaimba. Atsikana anayi aja anatenga mbali za mavayolini, amayi akugwedeza mapewa ngati ali pa mjigo, ndipo phazi la a Zulu linayamba kugunda pansi lokha.

Atamaliza, mdalayo anati chigawo choyamba ndi chachitatu aziimba monga analembera, asasinthe kanthu, ndipo pamenepo sakambirana. Koma chachiwiricho anati ndi chawo. Anatembenukira kumene ankaganiza kuti kuli Jairus n'kumufunsa ngati wabwera ndi zida zake.

Anali atabwera nazo. Anajambula mmawa mwake, mbuzi zitapita kubusa, ndipo kope ya ku Petauke anaiika pa intaneti pambali pa ya ku Chamboli, iliyonse ndi mayina a eni ake. Pobwerera a Zulu anagona njira yonse mpaka pa mlatho wa Luangwa. Jairus anali pa foni ndi mayi wa ku Mufulira uja, akumufunsa kuti m'sutikesimo muli nyimbo zingati, ndiponso ngati akudziwa nyumba ina yayitali ya njerwa kufupi ndi kwawo.